Ba be bi bo bu: mbiri ya kaphunzitsidwe ka kuwerenga kwathu kuno

Aphunzitsi anzanga ndi inu ophunzira anga akale, lero tiyeni tibwerere ku Sitandade 1. Ife a ku sekondale timakonda kudandaula kuti ana akufika Fomu 1 asakutha kumvetsa zimene akuwerenga. Vutoli silinayambe dzulo ayi, lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ingatiuze pamene tiyenera kugwirapo.

Sukulu m'dziko muno zinabwera ndi amishoni. A Livingstonia anayamba ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889. Cholinga chawo chachikulu chinali chakuti munthu azitha kudziwerengera yekha Mawu a Mulungu m'chiyankhulo chake. M'sukulu za m'midzi mwana ankayamba ndi a e i o u, kenako n'kuphatikiza malembo: ba be bi bo bu, ma me mi mo mu. Ankalemba pansi ndi chala, mwina pa sileti. Mabuku anali ochepa, koma pamene Buku Lopatulika linkatuluka mu 1922 oliwerenga analipo kale m'midzimu.

Njira ya maphatikizoyi inkayenda bwino chifukwa cha mmene chiyankhulo chathu chilili. Tili ndi malembo a liwu asanu okha, ndipo mawu timawalemba pafupifupi mmene timawatchulira. Mwana akadziwa ma ndi na angathe kuwerenga mana, nama ngakhale kuti sanawaonepo m'buku. Chizungu sichili choncho, chifukwa lembo limodzi limatchulidwa mosiyanasiyana.

Dziko litalandira ufulu, msonkhano wa chipani cha MCP wa mu 1968 unakhazikitsa Chichewa ngati chiyankhulo cha fuko, ndipo ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Akuluakulu ambiri akukumbukira buku la Sosa, lomwe linkatsata njira yomweyi ya maphatikizo. Anzathu a ku Zambia anasankha zina: kuyambira mu 1966 ana awo ankayamba kuwerenga m'Chizungu. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina wa ku Britain, Eddie Williams, anayesa ana a maiko awiriwa. Anapeza kuti ana a ku Malawi ankawerenga Chichewa bwino kuposa mmene ana a ku Zambia ankawerengera Chinyanja, pamene pa Chizungu panalibe kusiyana kwenikweni. Ndiye kuti kuyamba ndi chiyankhulo cha kwathu sikunawabwezere m'mbuyo ana athu.

Zinthu zinasintha mu 1994 boma litachotsa fizi ku pulayimale. Chinali chinthu chabwino, koma chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osapita ku koleji, makalasi ena anali pansi pa mtengo, ndipo mphunzitsi mmodzi ankapezeka ndi ana oposa 100. M'kalasi yotere kuwerenga kumasanduka kwaya: onse akufuula pamodzi, koma ambiri akungotsatira pakamwa pa anzawo osayang'ana lembo.

Mu 2007 kunabwera ndondomeko ya maphunziro ya PCAR, yomwe inatsamira kwambiri pa kuonetsa mwana mawu athunthu kusiyana ndi kumanga mawu kuchokera ku maliwu. Kafukufuku wa EGRA wa mu 2010 anatitsegula maso: ana oposa 70 mwa ana 100 aliwonse a Sitandade 2 analephera kuwerenga ngakhale liwu limodzi la m'kankhani ka Chichewa. Pambuyo pake kunayesedwa ntchito ya Maziko a Kuwerenga m'maboma a Salima ndi Ntchisi, ndipo mu 2016 boma mothandizidwa ndi USAID linayambitsa National Reading Programme m'dziko lonse. Mwa njira imeneyi maliwu, malembo ndi maphatikizo zinabwereranso m'kalasi. Tinganene kuti tinazungulira n'kudzafika pamene agogo athu anayambira.

Komabe tisanyengedwe kuti maphatikizo okha ndiye kuwerenga. Mwana ayenera kumva kusiyana kwa pala ndi phala, ngoma ndi ng'oma, zimenezo n'zoona. Nanga akatchula bwino ngoma koma sakudziwa kuti ndi nyama ya m'tchire, wawerenga chiyani? Taonaninso mawu akuti mtengo. Pa pepala ndi amodzimodzi, kaya tikunena wa mango kaya wa sopo ku golosale. Maphatikizo sangamuuze mwana kuti apa ndi uti, chimamuuza ndi chiganizo chonse komanso mawu amene ali nawo kale m'mutu. Ganiziraninso mwana wa ku Mangochi amene kunyumba amayankhula Chiyao, kapena wa ku Rumphi amene amayankhula Chitumbuka. Angathe kutchula tsamba lonse la Chichewa mosadodoma koma wamva pang'ono chabe. Akafika m'makalasi apamwamba, pamene maphunziro amachitika m'Chizungu, mpata uja umakula, ndipo ndi mwana yemweyo amene timamulandira ku Fomu 1.

Kale nthano ndi zilapi za madzulo zinkampatsa mwana mawu ambiri asanaone n'komwe bolodi. Ntchito imeneyo ikufunikabe. Inu ophunzira anga akale amene tsopano ndinu makolo, muwafotokozere ana nthano, muwauze maina a mitengo, mbalame ndi zipangizo za pakhomo, ndipo akawerenga muwafunse kuti nkhaniyo ikuti chiyani. Anzanga a ku pulayimale, liwu lililonse latsopano libwere ndi tanthauzo lake, chithunzi kapena chinthu chenichenicho, ndipo mwana aliyense awerengeko payekha ngakhale mzere umodzi. Ifenso a ku sekondale tisangoloza chala, tiphunzitse mawu a phunziro lathu tisanapereke notsi. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Amene munaphunzira Sosa, tatiuzani mmene zinkakhalira kwanuko.