Kumanga manati a tayala la galimoto kuli ndi muyezo wake

Pa Mtengowanthenga m'boma la Dowa, pomwe pamadutsa msewu wa M1 wochokera ku Lilongwe kupita ku Mponela ndi Kasungu, sichachilendo kuona galimoto itaima m'mbali mwa msewu, itakwezedwa pa jeke, tayala likusinthidwa. Ntchitoyi kawirikawiri imathera pamodzimodzi: wosintha tayalayo amalowetsa paipi yaitali ku sipanala, n'kuipondera ndi thupi lonse mpaka nati italira. Ambiri amati pamenepo ndiye tayala lamangika. Komatu opanga galimoto anaika muyezo wa mphamvu yomangira manatiwa, ndipo kupyola muyezowo n'koopsa chimodzimodzi ndi kuperewera.

Mphamvu yopotolayi amakaniko amaitcha torque. Imayezedwa m'manewton-mita, omwe mwachidule amalembedwa kuti Nm, ndipo dzinali linachokera kwa katswiri wa sayansi wa ku England, Isaac Newton. Galimoto zing'onozing'ono za Toyota zomwe zadzaza m'misewu ya dziko lino, monga Corolla, Vitz ndi Sienta, zimafuna 103 Nm. Honda Fit imafuna 108 Nm, pamene Volkswagen Polo imafuna 120 Nm. Ngakhale galimoto imodzi ikhoza kukhala ndi miyezo iwiri: Land Cruiser 200 imafuna 131 Nm ikakhala ndi marimu a aluminiyamu, koma 209 Nm marimuwo akakhala achitsulo. Malole akuluakulu a manati khumi pa tayala amafika cha m'ma 600 Nm. Nambala yeniyeni ya galimoto iliyonse imalembedwa m'buku lake. Ngakhale bukulo litabwera m'Chijapani, manambalawo amawerengeka ndithu. Mabuku a ku America amalemba m'ma ft-lb, ndipo 76 ft-lb ndi chimodzimodzi 103 Nm.

Kawerengedwe kake n'kosavuta: mphamvu imene munthu akukankha nayo imachulukitsidwa ndi kutalika kwa sipanala. Pa sipanala yotalika masentimita 30, muyezo wa 103 Nm umakwana pamene kunsonga kwake kwatsamira kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 35. Munthu wa makilogalamu 70 akaima kunsongako ndiye kuti wamanga pa 206 Nm, kuwirikiza kawiri muyezo wa Corolla. Akawonjezerapo paipi ya mita imodzi amafika pafupifupi 690 Nm, mphamvu yomangira tayala la lole yapita pa bawuti yonenepa mamilimita 12 okha.

Chimene chimagwira tayala si nati payokha ayi. Nati ikamangidwa, bawuti imatamuka pang'ono kwambiri ngati sipuling'i, ndipo pofuna kubwerera m'malo mwake imapanikiza rimu ku habu. Kupanikiza kumeneku ndiko kumanyamula galimoto ndi katundu wake. Bawuti ikakokedwa mopyola malire imatamukiratu osabwereranso, mazinga ake amaonongeka, ndipo ikhoza kuduka patapita masiku, galimoto itagwera m'dzenje kapena ikutsika chitunda itasenza mabelo a fodya opita ku Kanengo. Kumanga mopyola muyezo komanso mosafanana kumathanso kupinditsa chimbale cha mabuleki, zomwe zimachititsa kuti galimoto izinjenjemera dalaivala akaponda buleki. Palinso vuto lina lomwe eni galimoto amalidziwa bwino: tayala likaphwa usiku kutali ndi malo a zamalonda, nati yomwe inamangidwa ndi paipi simasuka ndi sipanala yaifupi yomwe inabwera ndi galimoto.

Nati yosamangika mokwanira nayo imalola rimu kugwedera. Mabowo a rimu amayamba kukula, mabawuti amatopa n'kumaduka imodziimodzi mpaka tayala litachoka galimoto ili paliwiro. Zizindikiro zimakhalapo: phokoso logogoda lomwe limayenderana ndi liwiro, chiwongolero chonjenjemera, ndi mizere ya dzimbiri yochokera pa nati kutsikira pa rimu.

Kwa galimoto zoyenda m'misewu yafumbi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mdani wamkulu ndi dothi. Matope ouma kapena dzimbiri zikatsala pakati pa rimu ndi habu, nati imaoneka ngati yamangika, koma zinyalalazo zikaperepeseka pa ulendo pamatsala mpata ndipo tayala limakhwefuka. N'chifukwa chake malo onse awiri ayenera kukwechedwa ndi bulashi ya waya tayala lisanaikidwe. Oyilo ndi girizi siziyenera kupakidwa pa mabawuti a galimoto zing'onozing'ono, ngakhale ambiri amatero poganiza kuti akuthandiza. Miyezo ya opanga galimotozi ndi ya mazinga ouma ndi oyera. Akapakidwa mafuta, mphamvu yomweyo imakoka bawuti mopitirira.

Manati amayamba kulowetsedwa ndi zala kuti mazinga asapingasane. Kenako amamangidwa pang'ono galimoto idakali pa jeke, modumphitsa: pa tayala la manati anayi mopingasa, pa la manati asanu motsata chithunzi cha nyenyezi, kuti rimu ikhale pakati bwinobwino. Kumanga komaliza kumachitika tayala litagunda pansi, pogwiritsa ntchito sipanala ya torque, yomwe imalira kuti "kha" muyezo ukakwana. Ikalira kamodzi ntchito yatha. Mfuti ya mpweya ya m'magalaji ndi yabwino pomasula, koma pomanga imapyola muyezo mosavuta.

Pomwe palibe sipanala ya torque, njira yabwino ndi kumanga ndi sipanala ya galimotoyo, ndi manja okha, popanda paipi kapena phazi, kenako kukayezetsa kugalaji. Ngakhale atamangidwa pa muyezo, manati amafunika kuonedwanso galimoto ikayenda makilomita 50 mpaka 100. Wosintha tayala pa Mtengowanthenga akupita kumpoto asadutse pa Kasungu asanawayang'anenso.

Chisamaliro chikufunikanso pogula nati yolowa m'malo mwa yotayika. Toyota ndi Honda zambiri zimagwiritsa ntchito mazinga a M12 x 1.5, pamene Nissan, Subaru ndi Suzuki zambiri ndi M12 x 1.25. Ndi maso zimaoneka zofanana, koma nati ya Nissan ikakakamizidwa pa bawuti ya Toyota imadya mazinga n'kuuma ngati yamangika, rimu isanapanikizike n'komwe.

Malole ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan, monga Mitsubishi Canter ndi Isuzu Elf, ali ndi kachinsinsi kenanso. Manati a matayala akumanzere ali ndi mazinga obwerera, ndipo pa bawuti kapena pa nati pamadindidwa chilembo cha L. Amenewa amamasuka powapotolera kumanja, motsata kayendedwe ka wotchi, kotero kuti wosadziwa akamakakamira ndi paipi kuti amasule amakhala akumangitsa.