Dima ndi Thangata

Lero ndafuna kuti tiunike mawu amodzi amene anabadwa oyera koma mbiri inawadetsa. Mawuwo ndi thangata. Amachokera ku mneni woti kuthangata, kutanthauza kuthandiza. M'mapemphero timanenabe kuti Mulungu ndiye mthangati wathu, koma munthu akangotchula thangata pa msonkhano wa chitukuko, nkhope za anthu zimagwa. Kodi zinatheka bwanji kuti thandizo lisanduke dzina la ukapolo? Yankho lake lili ndi phunziro kwa aliyense wofuna kuthandiza anzake m'mudzi masiku ano.

Makolo athu ankati mutu umodzi susenza denga, ndipo sankaphiphiritsa ayi. Denga la nyumba yozungulira kapena la nkhokwe linkamangidwira pansi, kenaka amuna angapo n'kulinyamula pamodzi kukaliika pamwamba pa chipupa. Ku munda kunali dima. Munthu amene udzu wamupitirira ankafulula mowa kapena thobwa, n'kumema anzake. Iwo ankafika m'mamawa ndi makasu awo, n'kupalira mogundizana mapewa uku akuimba, ndipo dzuwa lisanapendeke munda wonse unali utayera. Mkazi wamasiye, wodwala ndi nkhalamba ankalimiridwa ngakhale analibe chimera. Mfumu nayo inkalimiridwa munda ndi anthu ake, koma nkhokwe yake inkadyetsa alendo, amasiye ndi onse osowa m'chaka cha njala.

Taonani zinthu zitatu zimene zinkachirikiza mwambo umenewu. Choyamba, munthu ankapita yekha mosakokedwa. Chomwe ankaopa ndi manyazi basi. Chachiwiri, ntchitoyo inali ndi malire odziwika: tsiku limodzi, munda umodzi. Chachitatu, thandizo linkazungulira. Wolima kwa mnzake lero ankadziwa kuti mawa makasu omwewo adzalowa m'munda mwake. N'chifukwa chake akulu anati kupatsa n'kuika, ndiponso mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Zinthu zinatembenuka dziko lino litalowa m'manja mwa Britain mu 1891. Kuyambira mu 1892, bwanamkubwa Harry Johnston anapereka kwa azungu makalata otsimikiza umwini wa malo aakulu, makamaka ku Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje. Eni maesiteti anali ndi nthaka koma analibe manja olimira khofi, thonje, fodya ndi tiyi. Pa nthawi yomweyo Alomwe ambiri ankawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Anthu amenewa analoledwa kumanga pa maesiteti, koma lendi yake inali thukuta. Anauzidwa kuti agwire mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho wa nyumba. Ntchito imeneyi azungu anaitcha thangata, ngati kuti mlendo akungothandiza mfumu imene yamulandira.

Koma mizati itatu ija yonse inali itazulidwa. Wokana ankathamangitsidwa pa malo, nyumba yake n'kugwetsedwa. Malire panalibe, pakuti mwezi unkawerengedwa pa tikiti, ndipo kapitawo akakana kulemba tsiku chifukwa ndime sinathe, mwezi umodzi unkakoka masabata ambiri. Choipitsitsa, ntchitoyo inkafunidwa m'dzinja, pamene munthu anayenera kukhala m'munda mwake. Mwini esiteti sanabwerepo ndi khasu kudzabweza dima.

Malo amene anatchuka kwambiri ndi nkhanza zotere ndi esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, imene woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone. Pafupi pomwepo, ku Mbombwe, Mbusa John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900. Apa pali chinthu chimene ambiri sachilingalira. Anthu omwewo amene ankalira ndi thangata ku Magomero ndiwo anali pakati pa akhristu amene anadzipereka kumanga tchalitchi chachikulu cha njerwa ku Mbombwe, chimene chinatha mu 1913. Ankamanganso timatchalitchi ndi timasukulu ta udzu m'midzi yawo, ndipo ena mwa amene anali pa esiteti Livingstone anawatentha. Choncho anthuwo sanali aulesi, ndipo sankadana ndi ntchito yopanda malipiro. Ankadana ndi ntchito yolandidwa.

Mkwiyo unaphulika usiku wa pa 23 January 1915, pamene otsatira Chilembwe anaukira Magomero n'kupha Livingstone. Asilikali a boma anagumula tchalitchi chija, ndipo Chilembwe anaphedwa pa 3 February chaka chomwecho. Thangata sanathe pomwepo. Lamulo la 1928 linalola kuti lendi ilipidwe ndi ndalama, mbewu kapena ntchito, koma madandaulo anapitirira, mpaka ku Thyolo kunabuka zipolowe mu 1953. Mchitidwewu unathetsedwa mwalamulo mu 1962, patatsala zaka ziwiri kuti tilandire ufulu.

Bala linapola koma chipsera chinatsala. Mu ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda kunali Sabata ya Achinyamata, pamene ana asukulu ndi anthu a m'midzi ankalambula misewu, kukonza milatho ndi kumanga zipinda zophunziriramo. Zambiri zimene zinamangidwa nthawiyo zinatumikira anthu zaka zochuluka, ndipo ife amene tinali aphunzitsi tikudziwa phindu lake. Komabe, m'dziko la chipani chimodzi kukana kunali kovuta, ndipo mzati woyamba uja unagwedezekanso. Demokalase itabwera mu 1994, ambiri anayamba kunena kuti ntchito yodzithandiza ndi thangata, ndipo boma ndilo lichite zonse. Mwatsoka, chaka chomwecho maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Ana ambiri anaphunzirira pansi pa mitengo pa nthawi imene manja a makolo ankafunika koposa. Thumba la MASAF litayamba mu 1995, linapempha midzi kuti isonkhe njerwa, mchenga ndi miyala, ndipo midzi imene inamvana msanga ndiyo inaona zipinda zikuimirira.

Tisanamizane kuti mtima wa dima unafa. Pitani pa maliro m'mudzi uliwonse: adzukulu akukumba manda, amayi abwera ndi ufa ndi nkhuni, amuna agona pa siwa, ndipo palibe walemba tikiti. M'matauni chipereganyu chimalipirira ana fizi, ndipo mabanki a m'khonde apatsa amayi ambiri mpamba wa geni. M'masukulu amene bungwe la Mary's Meals limapereka ufa wa phala, ntchito imene inayamba m'dziko muno mu 2002, ophika ake ndi makolo odzipereka amene amalawirira mbandakucha. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala ku Chilobwe, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu mu March 2023, oyamba kufukula anzawo ndi makasu ndi manja anali anansi, thandizo la kutali lisanafike.

Tsono wofuna kubwezera zabwino kwawo asayambe ndi kufunsa kuti ali ndi ndalama zingati. Mphunzitsi wopuma ali ndi masana oti n'kuphunzitsa ana kuwerenga pansi pa mtengo. Mmisiri angathe kukhoma madesiki othyoka. Mnyamata wa njinga angathe kuperekeza wodwala ku chipatala. Amayi anayi akhoza kugawana masiku otungira madzi gogo wosiyidwa yekha. Mwana wa m'mudzi amene ali ku Johannesburg kapena ku London atumize ya zipangizo zokonzera mjigo, koma ayambe wafunsa eni mudzi chimene chikuwawawa, pakuti mlendo sadziwa pamene denga likudontha.

Kwa mafumu, akuluampingo ndi makomiti a chitukuko, mbiri ikupereka muyeso wosavuta. Musanaimbe belu loitanira anthu ku ntchito, dzifunseni mafunso atatu. Kodi anthuwa avomera okha pa bwalo, kapena akuopa chindapusa? Kodi akudziwa tsiku loyamba ndi lotsiriza, ndi kumene ndalama zosonkhedwa zapita? Kodi phindu lidzabwerera kwa iwo, ndipo inu amene mukuitana mudzagwira nawo khasu? Mukayankha inde katatu, chimenecho ndi dima, ndipo anthu adzabwera akuimba. Mukalephera ngakhale funso limodzi, musadabwe akakukumbutsani za Magomero.

Chaka chilichonse pa 15 January timakumbukira Chilembwe, ndipo nkhope yake timayenda nayo m'matumba pa ndalama zathu. Ulemu woposa pamenepo ndi kuwatsuka mawu amene anadetsedwa m'masiku ake, kuti adzukulu athu akamva kuthangata aziganiza za mnansi wobwera ndi khasu, osati kapitawo wobwera ndi chikoti. Paja akulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.