Ken Gampu, pulezidenti uja tinaiwala kumufunsa dzina

Ambiri a ife amene tinakula tikuonera mafilimu m'timanyumba ta vidiyo ku Ndirande kapena ku Kawale timaikumbukira filimu ya The Gods Must Be Crazy. Timakumbukira botolo la Coca-Cola lija, mwinanso pulezidenti uja amene zigawenga zinamulowerera ndi mfuti ali pamsonkhano wa nduna zake. Koma mutafunsa dzina la munthu amene anasewera pulezidentiyo, anthu angoyang'anana. Anali a Ken Gampu.

A Gampu anabadwa mu 1929 ku Germiston, tauni ya migodi ndi mafakitale kum'mawa kwa Johannesburg. Derali linkatchedwa East Rand, lero ndi Ekurhuleni, ndipo agogo athu ambiri a ku Nyasaland ankafika kumeneko ndi Wenela kukakumba golide. Asanalowe m'zisudzo, a Gampu anaphunzitsapo masewera olimbitsa thupi, anagulitsapo malonda, anakhalapo wapolisi, anakhalaponso womasulira. Ntchito yomalizayi ndi imene inandikopa, popeza inenso ndimadyera momwemo. Womasulira amaima pakati pa anthu awiri osamvana, ndipo akaigwira bwino ntchito yake, onse awiri amaiwala kuti alipo.

Mu 1958 anasewera mu No-Good Friday, sewero la Athol Fugard lonena za moyo wa ku Sophiatown, limene linaonetsedwa ku Bantu Men's Social Centre mu Johannesburg. Kenako Jamie Uys anawapatsa gawo lalikulu mu Dingaka, filimu ya m'ma 1960 imene munalinso Stanley Baker. Umo anali bambo amene mwana wake waphedwa, nanyamuka kumudzi kukasaka wakuphayo mumzinda, nakakumana ndi khoti la azungu losadziwa malamulo a kwawo.

Filimu yoonetsa bwino luso lawo ndi The Naked Prey ya Cornel Wilde, ya zaka zomwezo. Nkhani yake ndi yaifupi: mzungu wavulidwa zovala, wauzidwa kuti athawe, ndipo ankhondo akumulondola m'thengo. A Gampu ndiwo mtsogoleri wa olondolawo. Zimene ankhondowo amalankhulana sizinamasuliridwe m'Chingerezi, choncho woonera wa ku America sankamva liwu ndi limodzi lomwe. Zonse zinatsalira nkhope ndi thupi. Anyamata ake akamagwa mmodzimmodzi, umaona munthu wachisoni amene akuyesetsa kuti gulu lake lisabalalike. Pamapeto wothawayo atapulumuka, awiriwo amakwezerana dzanja mwaulemu. Woonera amatuluka akudziwa kuti wothamangitsa uja nayenso anali munthu, ali ndi maliro ake. Kumeneko kunali kumasulira kopanda mawu.

Atakhalako ku America zaka zingapo, anabwerera kwawo, kumene lamulo linali lisanasinthe. Mu 1975, kuti asewere Lennie mu Of Mice and Men pamodzi ndi azungu, panafunika chilolezo cha boma. Munthu amene nkhope yake inali itaoneka m'mayiko akutali ankapemphabe chilolezo choima pabwalo la zisudzo m'dziko lobadwira. Wailesi ya kanema inafika ku South Africa mu Januwale 1976, iwo ali ndi zaka 46, ndipo matchanelo a zinenero za anthu akuda anadza patapita zaka zina zisanu ndi chimodzi. Unyamata wawo wonse unatha khomo limenelo lili chitsekere.

Chotsala chinali magawo othandizira m'mafilimu a alendo obwera kudzajambula kum'mwera kwa Africa kuno. Anaoneka mu The Wild Geese mu 1978, mu Zulu Dawn mu 1979, filimu ya nkhondo ya ku Isandlwana imene munali Burt Lancaster ndi Peter O'Toole, ndiponso mu King Solomon's Mines ya 1985, yojambulidwa ku Zimbabwe, pambali pa Richard Chamberlain ndi Sharon Stone. Mfumu, wankhondo, wolondolera alendo njira, pulezidenti: magawo ake anali omwewo, amangosintha zovala.

Apa pali funso losati n'kulizemba. Ambiri mwa mafilimuwa ankaonetsa Africa monga mmene alendo ankafunira kumuona. The Gods Must Be Crazy, imene inatuluka mu 1980 tsankho lili pachimake, inadzudzulidwa chifukwa cha mmene inaonetsera anthu a mtundu wa San, komanso boma la anthu akuda longokhalira chipwirikiti. Kodi a Gampu analakwa kuvomera magawo oterowo? Ine sindifulumira kuweruza. Ndinamasulirapo zikalata zimene sindinkagwirizana nazo chifukwa mwezi unali kutha ndipo mwini nyumba ankadikira. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wosewera sasankha nkhani imene olemba alemba. Chimene chili m'manja mwake ndi kaimidwe, kayang'anidwe ndi kulemera kwa mawu ake. Pamenepo a Gampu sanachite mphwayi. Ngakhale gawo litachepa bwanji, munthu amene ankamusewerayo ankaoneka kuti ali ndi kwawo.

Anakhala ndi moyo mpaka kuona tsankho litagwa. Anamwalira pa 4 Novembala 2003, ali ndi zaka 74, ku Vosloorus, lokeshoni imene boma linakhazikitsa mu 1963 kuti lisamutsireko anthu akuda ochokera kufupi ndi Boksburg. Apo n'kuti dera lonselo litangolandira kumene dzina la Ekurhuleni, mawu a Chitsonga otanthauza malo a mtendere. Munthu amene anaima pambali pa akatswiri a ku Hollywood anatsirizira ulendo wake pamtunda wochepa kuchokera kumene anabadwira.

Ku timanyumba ta vidiyo tija, filimu ikangotha mnyamata wa pakhomo ankazimitsa kuti alowetse gulu lina, mayina asanayambe n'komwe kukwera. Ndinadzaionanso filimu ya botolo ija ndili wamkulu, ndipo ulendo uno ndinadikira mpaka ndinawerenga dzina lawo.