Loya woyamba wa dziko lino pa bwalo loletsa maloya

Adzukulu anga, inu mwakula maloya ali mbwee m'tauni, moti ngakhale mkangano wa malire a munda mumathamangira nawo kwa iwo. Ife tinakula wachikuda akalowa m'khoti la atsamunda ali woimbidwa mlandu, mboni, kapena womasulira, basi. Mkanjo wakuda ndi wigi zinali za azungu ndi amwenye. Ndiye taganizani chimwemwe chake mu 1958, pamene tinamva kuti mwana wa ku Nkhata Bay, kwa odya kondowole ndi usipa kuja, Orton Ching'oli Chirwa, wabwera kuchokera ku London, ku Lincoln's Inn, ali loya weniweni, woyamba wachikuda mu Nyasaland yense. Anabadwa mu 1919, anaphunzira ku Fort Hare ku South Africa, anagwirako choko ku Domasi, ndipo za malamulo anazimaliza atayandikira zaka 40. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sanadyerere ntchito yakeyo nthawi yaitali. Pa 3 Malichi 1959 boma linayamba kugwira anthu a chipani cha Congress mbandakucha, mvula ili pakati, chimanga chikumasula, ndipo a Chirwa ndi akazi awo a Vera anatsekeredwa nawo. Atatuluka, poona kuti Congress yaletsedwa, anayambitsa Malawi Congress Party mu Seputembala chaka chomwecho, n'kusungira mpando Dr Banda, amene anali m'ndende ku Gwelo. Dr Banda atatuluka mu 1960, a Chirwa anapereka mpandowo ndi manja awiri. Zimenezi musamaziiwale. Pofika 1964 anali Nduna ya Zachilungamo ndiponso mkulu wa maloya a boma, koma ufulu usanathe miyezi itatu nduna zinayambana ndi Dr Banda, a Chirwa anachotsedwa limodzi ndi Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi, nathawira ku Tanzania.

Kuyambira pamenepo dzina lawo linasanduka lonong'oneza. Tinkayenda ndi khadi ya chipani m'thumba, pakuti pakhomo la msika kapena pokwera basi ya UTM anyamata a Yufi amaima n'kufunsa, ndipo wopanda khadi amabwerera ndi dengu lake lopanda kanthu. Pa mowa munthu amayamba wacheuka asanalankhule. Ngakhale m'nyumba, ana akagona, mawu oti "oukira" tinkawatchulira pansipansi, chifukwa khoma lili ndi makutu.

Pa 24 Disembala 1981, Khirisimasi ili mawa lake, anthu tikusaka mpunga ndi nkhuku, a Chirwa, a Vera ndi mwana wawo Fumbani anagwidwa. Boma linati anawapeza atalowa m'dziko muno cha ku Mchinji. Eni ake ananena mpaka mapeto kuti anachita kubedwa ku Zambia, mbali ya Chipata. Mlandu wake unali woukira boma, ndipo anautengera ku bwalo la mafumu la chigawo cha kumwera, ku Soche kuno, osati ku High Court.

Apa m'pofunika mumvetse bwino. Mabwalo amenewa anapatsidwa mphamvu zoweruza milandu yakupha mu 1969, nthawi ya mantha a ku Chilobwe, pamene anthu ankaphedwa usiku m'nyumba zawo, ife n'kumagona titatsamiritsa mtondo ku chitseko. Pambuyo pake anawaonjezera milandu youkira. M'mabwalo amenewa loya sankaloledwa kuimira munthu, ndipo malamulo a umboni amene khoti lalikulu limatsata sankagwira ntchito. Choncho loya woyamba wa dziko lino, ndi mkazi wake amene anali loya woyamba wamkazi wa dziko lomweli, anaima m'bokosi opanda wowaimira.

Anadziimira okha. Mlandu unayamba mu Julaye 1982, chiperoni chikutsika m'phiri la Soche, anthu titafunda zitenje ndi majuzi, mbatata yootcha m'manja, ndipo unatha miyezi yambiri. A Chirwa anayamba ndi funso limene loya aliyense wodziwa ntchito amayamba nalo: kodi bwalo lino lili ndi mphamvu zoweruza anthu amene anachita kukokedwa kuchokera m'dziko lina? Ankafunsa mboni za boma pang'onopang'ono, mwaulemu, kubwereza funso mpaka mawu a mboni ayambe kutsutsana okha, a Vera nawo n'kumalowapo ndi awo mafunso. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo mayi aja sanang'ambe nkhope. Anapempha kuti aitane mboni zawo zakunja, bwalo linakana. Mu Meyi 1983, anthu akukolola, chigamulo chinatuluka: onse awiri anyongedwe.

Anachita apilo ku bwalo lalikulu la mafumu, nakonso opanda loya. Apilo ndi ntchito ina, ana inu. Kulibe mboni, kuli kufukula zolakwa za bwalo loyamba, chimodzichimodzi. Anazifukuladi, moti oweruza a apilo anadzudzula zambiri za mmene mlandu unayendera. Komabe mu Febuluwale 1984 anati chilango chikhale chomwecho. Mtima umandipwetekabe pamenepo, chifukwa oweruzawo cholakwa anachiona. Mayiko akunja ndi mpingo wa ku Scotland atachonderera, mu Juni 1984 Dr Banda anasintha chilangocho kukhala ndende moyo wonse.

Ku ndende ya Zomba anawalekanitsa, mwamuna kwake, mkazi kwake, mpanda umodzi koma osaonana zaka 8. Anadzaonana mu Seputembala 1992, maloya ochokera ku Britain atabwera kudzawayendera, ndipo a Chirwa anali atafooka, maso ndi makutu zikukanika. Pa 20 Okutobala 1992 anamwalira m'ndendemo ali ndi zaka 73, ndipo a Vera sanaloledwe kukaika maliro a amuna awo.

Koma mlandu suola. A Vera anatuluka pa 24 Januwale 1993, mu Juni tinavotera nyali ya matipate, ndipo chaka chomwecho chisanathe mabwalo aja a zigawo ndi la apilo anaimitsidwa. Bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu linadzagamula kuti boma la Malawi linawalakwira powazenga mlandu opanda loya. Mayi aja anabwerera ku ntchito ya malamulo, nayambitsa Malawi CARER, ndipo bungwe lomwe lija linawatuma kuyendera ndende za m'mayiko a mu Africa kukaona mmene akaidi akugonera ndi mmene akudyera.