Mmene Zisudzo Zinalowera M'kalasi ya Koleji

Yunivesite ya Harvard ku America inakhazikitsidwa mu 1636, koma mpaka chaka cha 2015 wophunzira wa digiri yoyamba sankatha kusankha zisudzo kukhala phunziro lake lalikulu. Eni sukuluyi pachiyambi anali Akhristu okhwimitsa malamulo otchedwa Puritan, ndipo kwa iwo nyumba ya zisudzo inali phanga la uchimo. Anzawo ku England anatseka nyumba za zisudzo mu London mu 1642, ndipo mu 1750 dera la Massachusetts, kumene kuli Harvard, linaika lamulo loletsa masewero. Lamulolo linadzatha, koma maganizo ake anakhalitsa. Kuwerenga Shakespeare ankati ndi maphunziro. Kuvala zovala n'kukwera pansanja kukamusewera ankati n'chibwana.

Amene anayamba kugwedeza maganizowa ndi George Pierce Baker, mphunzitsi wa Chingerezi pa Harvard pomwepo. Mu 1905 anayamba kuphunzitsa kalembedwe ka masewero m'kosi yotchedwa English 47. Posakhalitsa anaona kuti sewero la papepala lili ngati ufa wa m'thumba: kukoma kwa nsima yake sikudziwika mpaka itaphikidwa. Anayambitsa gulu la 47 Workshop, kumene zolemba za ophunzira zinkaseweredwa pamaso pa anthu, ndipo oonerawo ankapemphedwa kulemba maganizo awo. Mmodzi mwa amene anakhala m'kalasi mwake mu 1914 ndi Eugene O'Neill, yemwe anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1936. Ngakhale zinali choncho, akuluakulu a Harvard sanafune kum'mangira nyumba ya zisudzo. Mu 1925 Baker anasamukira ku yunivesite ya Yale, kumene mpondamatiki Edward Harkness anali atapereka madola 1 miliyoni kuti akhazikitse dipatimenti ya zisudzo. Panthawiyi n'kuti Carnegie Institute of Technology ya ku Pittsburgh itayamba kale, mu 1914, maphunziro a digiri ya zisudzo oyamba m'dzikolo.

Apa m'pamene njira zinagawikana. Ina ndi ya masukulu osula akatswiri, kumene mwana amangokhalira kuphunzira mawu, thupi ndi kasewero m'mawa mpaka usiku. Inayo ndi ya makoleji ang'onoang'ono otchedwa liberal arts, kumene wophunzira amatha zaka zinayi akulawa mbiri yakale, zinenero, sayansi ndi nzeru za anthu, n'kusankhapo phunziro limodzi loti azamepo. Wosankha zisudzo kumeneko amathera gawo lochepa chabe la nthawi yake pa zisudzozo, ndipo m'gawo lomwelo amachita zonse: lero akusewera, mawa akukhoma matabwa, mkuja akusoka zovala kapena kuyang'anira magetsi. Ena amati maphunziro otere ndi opyapyala. Ine ndimaona kuti wochita sewero amene sadziwa mbiri ya anthu amene akuwasewera amangotulutsa mawu opanda mwini.

Umboni wa zimenezi ndi Hallie Flanagan. Mayiyu anaphunzira pa Grinnell, kakoleji ka ku Iowa, anadutsa m'manja mwa Baker, kenako anakaphunzitsa pa Vassar, imene panthawiyo inali koleji ya atsikana okhaokha. Mu 1931, chuma cha America chitagwa, iye ndi mnzake Margaret Ellen Clifford anakonza sewero lotchedwa Can You Hear Their Voices?, lonena za alimi a ku Arkansas amene chilala chinawasiya ndi njala boma likuzengereza. Ana a anthu olemera anaima pansanja kuonetsa njala ya anthu amene sanawaonepo, ndipo sewerolo linafalikira kunja kwa koleji. Mu 1935 boma la Franklin Roosevelt linapatsa Flanagan udindo wotsogolera Federal Theatre Project, ntchito imene inalemba anthu oposa 12,000 omwe analibe pogwira. Anabweretsa masewero ofotokoza nkhani za m'nyuzipepala, za nyumba zogumuka, za magetsi, za ulimi. Pansi pa ntchito yomweyi, mu 1936 Orson Welles anaonetsa Macbeth ku Harlem ndi osewera akuda okhaokha. Andale sanakondwe nazo. Mu 1938 Flanagan anaitanidwa kukayankha mafunso ku komiti ya Nyumba ya Malamulo, ndipo atatchula Christopher Marlowe, wolemba masewero amene anamwalira mu 1593, phungu wina anam'funsa ngati munthuyo anali wachikomyunizimu. Chaka chotsatira ndalama zinadulidwa.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, madipatimenti a zisudzo anachuluka m'makoleji a ku America, ndipo ku Britain yoyamba inatsegulidwa pa yunivesite ya Bristol mu 1947. Wochita zisudzo Meryl Streep anadutsa njira zonse ziwiri zija: digiri yoyamba pa Vassar mu 1971, ya ukatswiri pa Yale mu 1975.

Ku Africa nkhaniyi inapita kwina. Kuno kunalibe chifukwa chophunzitsira anthu kuti sewero ndi la pabwalo, popeza gule, nthano ndi nyimbo za pamtondo zinalipo kale. Vuto linali lakuti yunivesite inkalankhula Chingerezi kumpanda kwake. Yunivesite ya Ibadan ku Nigeria inatsegula sukulu ya zisudzo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ya Makerere inayamba kuyendetsa masewero aulere m'matauni ndi m'midzi ya Uganda, ndipo yunivesite ya Zambia inamanga bwalo la Chikwakwa. Kwathu ku Malawi, Chancellor College, imene inasamukira ku Zomba mu 1973, inali ndi gulu la Travelling Theatre, ndipo zisudzo zinakulira m'dipatimenti ya Chingerezi monga mmene zinalili kwa Baker. James Gibbs anasonkhanitsa masewero m'buku la Nine Malawian Plays mu 1976, ndipo Steve Chimombo analemba The Rainmaker potengera mbiri ya Mbona. Zonsezi zinkachitika bungwe lounika zofalitsa, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, likuwerenga sewero lililonse lisanaonetsedwe. Olemba anaphunzira kubisa mawu m'nthano ndi m'mbiri ya makolo, ndipo oonera anaphunzira kumva zobisikazo.

Dipatimenti ya Fine and Performing Arts itatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, aphunzitsi Chris Kamlongera ndi David Kerr anatengera ophunzira kumidzi, ku Mbalachanda m'boma la Mzimba ndiponso kumadera ozungulira Liwonde. Kumeneko sewero silinkabwera lolembedwa kale. Ophunzira ankayamba akhala ndi anthu, kumva madandaulo awo pa zitsime, zimbudzi ndi matenda, n'kupanga sewero m'chinenero cha eni mudzi, ndipo pakati pa sewerolo ankafunsa oonera kuti nanga apa tichitenji. Ntchito yotere imafuna mwana amene walawako za umoyo, za chikhalidwe ndi za zinenero, osati wodziwa kulira pansanja kokha.

Njira imeneyi yapatsa ntchito ambiri omaliza maphunziro ku Zomba, m'mabungwe, m'mawayilesi ndi m'makampeni a Edzi ndi maphunziro a atsikana. Koma yabweranso ndi chimene chimandidetsa nkhawa. Wopereka ndalama ndiye amasankha mutu, nthawi zina ndi mathero omwe, moti sewero limene linayamba ngati funso kwa anthu a m'mudzi limasanduka chilengezo. Du Chisiza Jr, amene anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987 n'kumwalira mu 1999, anaonetsa kuti Amalawi amalipira pakhomo kuti aone sewero lowakhudza. Wophunzira zisudzo wa lero akatuluka m'koleji ya ku Zomba ija amapeza mabungwe ofuna uthenga ali mbwee, koma nyumba zoti aonetseremo sewero lake iye mwini n'zowerengeka.