MSANGU WA KU MATHIRIRO A CHONGWE

Mtsinje wa Chongwe ucokera ku mpoto ca kum'mawa kwa Lusaka, nupita m'dziko la Asoli, nutsika mapiri kufikira utathira m'Zambezi. Pa mathiriro pamenepo, ndiponso patsidya ku Mana Pools m'dziko la Zimbabwe, pali nkhalango za msangu, mtengo umene ena aucha musangu, ndipo akatswiri a zomera aucha Faidherbia albida. Mlendo akafika aona mitengo ikuluikulu ya mthunzi wabwino. Koma akayang'anitsa pansi pace apeza kuti ing'onoing'ono iri yowerengeka. Nkhalangozo zikukalamba zopanda ana.

Msangu uli ndi makhalidwe aceace. Mvula ikagwa, mitengo yina iri kuphuka, uwo uyoyola masamba. M'cilimwe, chire lonse litauma, ndi pamene ubiriwira. Nyemba zace zopotana zigwa mwezi wa September ndi October, nthawi imene msipu wasowa, ndipo njobvu, njati ndi nswala zidza kudzatola. Njobvu zina ziima ndi miyendo ya m'mbuyo yokha kuti zifikire nthambi.

Masiku a makolo Zambezi ankasefukira caka ndi caka. Pobwerera madziwo ankasiya mcenga ndi matope atsopano, onyowa, opanda udzu. Pamenepo ndi pomwe njere za msangu zinkamera, ndipo muzu unkatsata madzi pansi msanga dzuwa lisanaumitse nthaka. Mitengo yaikulu yambiri imene ioneka lero inabadwa m'njira imeneyo.

Zinthu zinasintha pomangidwa khoma la Kariba. Nchito inayamba mu 1955. Madzi osefukira a 1957 ndi 1958 anaononga zambiri pa nchitoyo, koma mu December 1958 mtsinje unatsekedwa, ndipo mu 1960 magetsi anali atafika ku migodi ya mkuwa. Kuyambira pamenepo madzi a Zambezi atuluka monga afunira makina a magetsi, si monga igwera mvula ai. Nyali za ku Kitwe ndi Lusaka zinayaka, koma matope atsopano analeka kufika kawirikawiri pa madambo a kunsi.

Bvuto laciwiri ndi nyama. Dera la kum'mawa kwa mathiriro a Chongwe linasanduka Lower Zambezi National Park mu 1983, ndipo m'cilimwe nyama ziunjikana m'mbali mwa madzi. Kamtengo kakangomera nswala zikabudula. Mtengo waukulu njobvu ziusenda khungwa. Akatswiri sagwirizana kuti coononga koposa nciti, khoma kapena nyama, koma ziwirizi zithandizana. Msangu wacinyamata upezeka makamaka pa zisumbu ndi pa mcenga wa pakati pa mtsinje.

Tsono msangu suli pafupi kutha m'Africa monse, pakuti umera kuyambira ku Senegal kufikira ku Ethiopia ndi kuno kum'mwera. Cimene ciri pa ngozi ndi nkhalango za m'mphepete mwa mtsinje, pamodzi ndi nyama zimene zidalira nyemba zace.

Kumtunda, m'boma la Chongwe, mbiri ya mtengowu yatenga njira yina. Sukulu ya ulimi ya Kasisi, imene Ajezuiti anatsegula mu 1974, iphunzitsa alimi kubwezera nthaka mphamvu ndi mitengo m'malo mwa fetereza wogula. Bungwe la Conservation Farming Unit, lokhazikitsidwa mu 1996, lalimbikitsa kubzala msangu m'minda ya cimanga, motalikirana mamita 10. Popeza suli ndi masamba m'dzinja, suchinga dzuwa, ndipo masamba ogwawo asanduka manyowa. Komabe upirira zaka zambiri usanaonetse phindu. Munthu wa m'tauni wolinga kudzabwerera kumudzi ayenera kubzala akali pa nchito.

Kale msangu unkabzalidwa ndi madzi osefukira. Popeza anthu ndiwo anatseka madziwo, nchito yobzalayo yagwera iwo omwe.