Kudalira foni mopitirira muyeso: gwero lake, zotsatira ndi njira yopumulira

Kudalira foni mopitirira muyeso ndi khalidwe limene munthu amalephera kudziletsa kuyang'ana foni yake ngakhale chizolowezicho chikumusokonezera tulo, ntchito, maphunziro kapena banja. Kukhalitsa pafoni pakokha si vuto: wamalonda wa mu Limbe amene amalandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, n'kumayankha makasitomala pa WhatsApp, ali pantchito. Vuto limabadwa pamene munthu wafuna kuisiya pansi koma dzanja likukana.

Gwero lake

Mafoni amakono anafala kampani ya Apple itatulutsa iPhone m'chaka cha 2007, ndipo oyendera Android anatsatira mu 2008. Chaka chomwecho ku Britain kunayambika mawu akuti nomophobia, otanthauza nkhawa yomwe imagwira munthu akaiwala foni, netiweki ikasowa kapena batire ikatha.

Masamba ambiri a mchezo salipiritsa olowapo. Eni ake amapeza ndalama potsatsa malonda, choncho phindu limakula munthu akamachedwa pomwepo. N'chifukwa chake tsamba la Facebook kapena TikTok lilibe pothera: ukasuntha chala, nkhani ina yatulukira kale. Luso limeneli analipanga ndi Aza Raskin wa ku America mu 2006, ndipo pambuyo pake anadandaula poyera ndi nthawi imene limawonongera anthu. Palinso kulira kwa mauthenga. Popeza munthu sadziwa ngati uthengawo ndi wofunika kapena wachabe, amangobwerezabwereza kusuzumira, monga achitira wanjuga.

Zotsatira zake

Choyamba kuwonongeka ndi tulo. Kuwala kwa foni usiku kumachedwetsa melatonin, mchere wa m'thupi wothandiza munthu kuwodzera, ndipo nkhani zotentha za m'magulu zimasiya maganizo ali maso. Masana, wophunzira kapena wantchito amene amadukizidwa ndi uthenga uliwonse amavutika kubwerera pomwe anasiyira. Pamsewu, dalaivala wolemba uthenga amaika miyoyo pachiswe. M'thumba namo, mabandulo amadya ndalama ya ndiwo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO silinaike kudalira foni pamndandanda wa matenda, koma mu 2019 linavomereza kuti kulephera kudziletsa pamasewero a pakompyuta ndi pafoni ndi matenda. Chaka chomwecho linalangiza kuti ana osakwana zaka 2 asamapatsidwe foni kapena wailesi yakanema kuti azionera, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku.

Zimene mayiko achita

Ku France, lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2017 limapatsa antchito ufulu wosayankha mauthenga a kuntchito akaweruka. Mu 2018 dzikolo linaletsa mafoni m'sukulu za ana ofika zaka pafupifupi 15. Lipoti la UNESCO la 2023 linati zipangizozi zilowe m'kalasi pokhapokha ngati zikuthandiza maphunziro. Mu 2024 nyumba ya malamulo ku Australia inavomereza lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pamasamba a mchezo.

Kupumula

Kupumula sikutanthauza kutaya foni, koma kuiikira malire. Kuyambira 2018, iPhone ili ndi Screen Time ndipo Android ili ndi Digital Wellbeing. Zonse zimaonetsa maola amene mwatha komanso kukulolani kuika malire pa pulogalamu iliyonse. Mukadziwa chiwerengerocho, zimitsani kulira kwa magulu osafunikira, tchajani foni kutali ndi bedi, ndipo ileke kufika patebulo la chakudya. Achibale auzeni kuti zadzidzidzi aziimba, kuti kuzimitsa data kusakudetseni nkhawa. Makolo ayambe ndiwo, pakuti mwana sangamvere lamulo limene wolikhazikitsa akuliphwanya pamaso pake.